Limba Lozima pa Ndime Yomaliza

Limba linazima pa ndime yomaliza ya nyimbo yotsekera, bokosi la malemu Douwe, mlimi wa ng'ombe za mkaka, lili pamapewa a ana ake. Mayi Rinske Tolsma anali atakoka mabatani onse a mawu, manja ali pamakiyi, mapazi ali pazopondera, chifukwa malemuyo ankakonda kuimba mokweza ndipo anayenera kuperekezedwa mokweza. Mawu anadzaza tchalitchi mpaka mawindo kunjenjemera. Kenako zii. Sikirini ya pambali pawo inada bii.

Pansipo anthu anapitiriza okha mzere umodzi, ena akuthamanga, ena akukoka, mpaka nyimbo inafera kukhosi. Mitu inatembenukira kumtunda, kukhonde kumene kumakhala woimba limba. Mayi Tolsma anangokhala pampando, zala zidakali pamakiyi opanda mawu, thukuta likutsika kumsana. Kanali kachitatu mwezi wa Julayi womwewo.

Anali ataimba limba zaka makumi anayi ndi chimodzi m'tchalitchi cha m'mudzimo, kufupi ndi tauni ya Sneek, ndipo limba lakale la mapaipi silinawachititsepo manyazi ngakhale tsiku limodzi. Koma mu Febuluwale analiphwasula kupita nalo kwa amisiri kukakonza, ntchito ya zaka ziwiri. M'malo mwake akulu a mpingo anaika makiyi ndi zopondera zatsopano zolumikiza ku kompyuta imene imasunga mawu ojambulidwa a paipi iliyonse n'kuwatulutsira m'masipika. Kompyutayo inkakhala m'kabati yakale ya mabuku a nyimbo. Amene anaimanga ndi Jelmer, mkamwini wa Bambo Hylke Bangma, wapampando wa akulu a mpingo.

Mawa lake Jelmer anafika pa galimoto yolembedwa dzina la shopu yake m'mbali, magalasi a dzuwa ali pamutu. Anayatsa kompyuta, anadikira, kenako anakanikiza kiyi imodzi ndi chala chimodzi. Limba linalira bwinobwino.

"Mwamva, amayi? Palibe vuto apa."

"Ndi chala chimodzi? Unamuonapo ndani akuperekeza maliro ndi chala chimodzi?"

"Chala chimodzi kaya khumi, n'chimodzimodzi," anatero Jelmer akumwetulira. "Purosesa ili umuyi, ubongo wa makinawa, ndi ya chaka chino. M'mudzi muno mulibe ina yoifika. Anthu amasewerera magemu tsiku lonse pa zoterezi osazima."

"Ndiye n'chifukwa chiyani ikuzima ndikatsegula mawu onse?"

"Mwina bondo lanu limagunda waya. Mwina mumakhudza penapake osazindikira. Zimachitika, amayi. Pa msinkhu wanuwu palibe angakudzudzuleni."

Mayi Tolsma analoza mpando. "Khala pansi apo. Ndiimbe nyimbo yonse ndime zisanu ndi imodzi, uone wekha, maso ako ali pa bondo langa."

Jelmer anayang'ana foni yake. Anati akumudikira ku ofesi ina ku Sneek. Asanatsike anatulutsa loko m'thumba, anakhoma kabati ija, n'kumatapo pepala lolembedwa zilembo zikuluzikulu: OSAGWIRA. Kabatiyo Mayi Tolsma ndi amene ankaipukuta fumbi chiyambire Jelmer asanabadwe.

Lachiwiri madzulo anaitanidwa ku msonkhano wa akulu a mpingo. Atalowa m'chipinda cha kuseri kwa guwa anapeza khofi wathiridwa kale, buledi wa shuga wadulidwa, ndipo pakati pa tebulo pali mtolo waukulu wa maluwa okulungidwa m'pepala. Anangowaona maluwawo mtima unati psu. Anali atakhalapo pa misonkhano yambiri yotsanzika anthu, ndipo maluwa aakulu choncho sagulira munthu amene akumufunabe.

Bambo Bangma anakonza kukhosi, anapinda manja pamimba. "Mayi Tolsma, mpingo wonse ukudziwa zimene mwachita pa zaka zonsezi. Palibe mwana wobatizidwa muno amene..."

"Mukundichotsa, Bambo Bangma?"

"Ayi ayi ayi! Mawu amenewo asamveke n'komwe. Tikungoti mupumuleko mpaka limba lakale litabwerera. Makina amasiku anowa ali ndi eni ake. Banja la malemu Douwe ladandaula kwambiri."

"Ladandaula ndi ine kapena ndi bokosi la mkamwini wanu?"

"Jelmer wayesa zonse. Walemba lipoti, nali. Makina ali bwino."

"Wayesa ndi chala chimodzi!"

Abusa ankatakasa khofi wawo ngati shuga wakana kusungunuka. Mkulu wina ankatola tinyenyeswa ta buledi patebulo.

"Loweruka kuli ukwati wa Marrit, mwana wa wophika buledi," anapitiriza Bambo Bangma. "Sitingalole za pa maliro a Lachisanu zija zibwerezeke. Tapempha Bambo Veenstra, amene amaimba m'tchalitchi chachikulu ku Sneek. Iwo zinthu izi amazidziwa."

Apa ndiye panapweteka. Marrit anayamba kuphunzira piyano kwa Mayi Tolsma ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, miyendo ikulendewera pampando. M'mwezi wa Meyi anabwera yekha kunyumba kwawo, ndi keke m'manja, kudzawapempha kuti adzamuimbire polowa m'tchalitchi.

"Marrit mwamufunsa?"

"Tamuuza," anatero Bambo Bangma.

Mayi Tolsma anaimirira, khofi osamulawa. Winawake anawakankhira maluwa m'manja, ndipo anazindikira kuti awanyamula atapalasa kale njinga mtunda wautali m'mbali mwa ngalande, maluwawo akugwedezeka m'basiketi. Sanakhotere kwawo. Analunjika kwa mng'ono wawo Aukje.

Aukje anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo theka la moyo wake anali atalithera m'makola a anthu, kukonza makina okamira ng'ombe, akale ndi amakono omwe okama okha. Anamupeza kuseri kwa nyumba, atavala ovolosi, akutsuka mapaipi a labala m'ndowa.

"Ee, achemwali, mwapeza chibwenzi? Maluwa onsewa!"

"Usandiyambe, iwe. Andichotsa."

Anafotokoza zonse ataimirira, njinga ili m'manja. Pamene ankafika pa za Marrit, thole lina linali litasuzumira pampanda n'kuyamba kudya maluwa m'basiketi. Palibe analiletsa.

Aukje anapukuta manja. "Siyani kaye za Hylke. Limazima liti?"

"Ndakuuza, pa ndime yomaliza."

"Nthawi zonse?"

"Ndikatsegula mawu onse. Poyambirira penipeni silizima."

"Mu Epulo ndi Meyi linkazima?"

Mayi Tolsma anaganiza. "Ayi. Pa Pasaka ndinaimba mokweza kuposa pa maliro aja, silinachite kanthu. Layamba mwezi uno."

"Mwezi uno umene ng'ombe zikupuma wefuwefu pansi pa mitengo? Nanga bondo lanu lija linali kutchuthi pa Pasaka?" Aukje anaseka mowawa. "Chinthucho chikupsa, achemwali. Si inu ayi. Kiyi ya kukhonde mukadali nayo?"

"Ndili nayo. Koma kabati waikhoma."

"Kabati ili ndi mahinjesi. Mahinjesi ali ndi masikuluu. Lachinayi masana ndilibe ntchito."

Lachinayi linali lotentha kuposa masiku onse. Kukhonde kuja, pansi pa denga, mpweya unali wolemera ngati m'nyumba yophikira buledi. Aukje anamasula masikuluu anayi, chitseko cha kabati chinalendewera pa loko wa Jelmer. M'katimo munatuluka chifungafunga cha fumbi lotentha. Anayatsa kompyuta n'kutsegula pasikirini kapulogalamu koonetsa kutentha kwa purosesa ndi mavolti, mphamvu ya magetsi imene ikulandira. Anatsamiritsa chitseko m'malo mwake kuti zikhale monga zimakhalira Lamlungu.

"Imbani. Nyimbo ya pa maliro ija, monga munaimbira."

Mayi Tolsma anaimba. Aukje ankawerenga manambala mokuwa kuti amveke. Ndime yoyamba, madigiri 70. Ndime yachitatu, 80. Atakoka mabatani onse, fani ya m'kabati inayamba kulira ngati ikufuna kuuluka.

"95! Mavolti akwera, atsala pang'ono kufika imodzi ndi theka! Musasiye! Zana limodzi!"

Zii. Sikirini bii.

Mayi Tolsma anachotsa manja pamakiyi, anayang'ana bondo lawo. Linali kutali ndi waya aliyense. Pafupifupi sabata yathunthu anali akudzifunsa mumtima ngati mwina n'zoona kuti akalamba. Anali atapita mpaka kwa dokotala wa maso. Tsopano mkwiyo umene anali kuumeza unabwera wonse nthawi imodzi.

"Madzi amawira pa zana limodzi," anatero Aukje. "Mukanatha kuphikapo dzira. Makinawa amadzizimitsa okha kuti asapse."

"Ndiye Jelmer anagula chinthu chofooka?"

"Ayi, chinthucho n'champhamvu ndithu. Koma akuchidyetsa mopitirira. Mukudziwa ng'ombe ukaithirira chakudya chonona chambiri kuti itulutse mkaka wochuluka? Masiku oyamba umasangalala, kenako imatupidwa n'kugwa. Mukatsegula mawu onse, purosesa imanyamula mapaipi mazanamazana nthawi imodzi, ndiye imapempha magetsi. Makinawa amaipatsa ochuluka kuposa amene ikufunika, otsalawo amasanduka moto. Onjezanipo kabati yotseka ndi dzuwa la Julayi."

"Ndiye tigule china?"

"Tisagule kanthu. Tingochepetsa chakudya. Bwerani kuno, mupange nokha. Ine sindidzakhala kukhonde kuno Lamlungu lililonse."

Anadikira kuti makina azizire. Aukje anawaonetsa kiyi yoti aziikanikiza mobwerezabwereza kompyuta ikangoyaka, isanadzuke bwino. Panatseguka tsamba lotuwa lodzaza manambala. Aukje analoza mzere wina n'kupukusa mutu: Jelmer anali atayatsa batani loonjezera liwiro, limene limakwezanso mavolti. Analizimitsa. Kenako anawaonetsa mzere wa mavolti a purosesa, pamene munthu amalemba kachigawo koti kachotsedwe.

"Pang'onopang'ono. Lembani 0.03, chizindikiro chochotsera patsogolo. Mukachotsa kwambiri imakomokanso, nthawi ino ndi njala."

Mayi Tolsma anavala magalasi owerengera, analemba ndi chala chimodzi, mosamala ngati akusaina chikalata cha ukwati. Anabwerera pampando n'kuimba nyimbo yonse. Kutentha kunafika madigiri 90, limba silinazime. Anachotsa 0.06, anaimbanso. Anachotsa 0.09, anaimbanso, ndime yomaliza katatu motsatizana, bulauzi itanyowa yonse. Manambala anakana kudutsa 80. Fani inatsika mawu.

"Tiyeni tione pamene imakanira," anatero Aukje. "Lembani 0.12."

Pa 0.12 limba linakakamira pa liwu limodzi pakati pa ndime yachiwiri, kulira mosalekeza ngati sitima ya pamadzi, sikirini itauma. Aukje anachita kuzula pulagi.

"Ndi njala imeneyo. Tabwererani m'mbuyo, musiyenso kampata. Lembani 0.08."

Pa 0.08 Mayi Tolsma anaimba mphindi makumi anayi osalekeza, chitseko cha kabati chili chotseka, mawu onse ali otsegula. Anaimba nyimbo za Pasaka, za Khirisimasi, ndi ina yovuta imene anailekeza ali mtsikana. Limba silinaphethire n'komwe. Analemba 0.08 ndi pensulo mkati mwa chikuto cha buku lawo la nyimbo.

Sanamve mapazi pamakwerero. Bambo Bangma ankakhala nyumba yoyandikana ndi tchalitchi, ndipo anali atamva nyimbo ya maliro kwa maola awiri. Anatulukira pakhonde ali wefuwefu, nkhope ili psuu, m'manja muli sizasi yodulira mpanda.

"N'chiyani chimenechi? Mwathyola kabati ya mpingo?"

"Tamasula masikuluu, sitinathyole," anatero Aukje. "Mwaswera bwanji, a Hylke? Makina anu okamira aja akuyendabe bwino chikonzereni ine?"

"Izi si ng'ombe, mayi!"

"Bambo Bangma, bwerani muone," anatero Mayi Tolsma, akuyesetsa kuti mawu asakwere. "Vuto tapeza. Makinawa amapsa chifukwa mavolti ndi ochuluka. Tatsitsa pang'ono, tsopano sakuzimanso. Khalani apa ndikuimbireni ola lathunthu ngati mukufuna."

Bambo Bangma sanayang'ane n'komwe pasikirini. Anatulutsa foni. Pasanathe theka la ola Jelmer anali atafika. Atamva zimene zachitika anagwira mutu ndi manja awiri.

"Mwalowa m'tsamba la mkati? Apongozi, mukuona? Zimenezi zimapha waranti, kampani sidzatikonzeranso mwaulere! Munthu sumangosintha mavolti ngati ukutsitsa moto wa sitovu!"

"Batani la liwiro lija anayatsa ndani?" anafunsa Aukje. "Mzimu woyera?"

"Ndi mmene ndimaikira makina onse otuluka m'shopu mwanga. Palibe wadandaulapo."

"Wadandaula ndine!" Mayi Tolsma anamenya buku la nyimbo pampando, fumbi koboo. "Katatu ndadandaula! Unati ndi bondo langa. Unati ndi msinkhu wanga. Manambala awo ali apo, werenga! Zana limodzi!"

"Mapulogalamu otere amanama, amayi," anatero Jelmer, osawayang'ana kumaso. Anayatsanso kompyuta, analowa m'tsamba lotuwa lija, ndipo pamaso pawo anabwezeretsa zonse mmene zinalili, batani la liwiro lomwe. Anamanga chitseko ndi masikuluu ena a mutu wachilendo amene anali nawo m'galimoto.

Bambo Bangma anatambasula dzanja. "Kiyi ya kukhonde, Mayi Tolsma. Pepani, koma mwatikakamiza."

Kiyiyo inali pa kachingwe kamodzi ndi ya kunyumba kwawo, ndipo inatenga nthawi kuti ituluke. Anthu atatu anaima n'kumawaonerera akulimbana nayo ndi zikhadabo. Itatuluka sanaipereke m'manja. Anaiika pamakiyi a limba, n'kutsika.

Loweruka anaganiza zosapita. Anavala, anavula, anavalanso. Pomaliza anati Marrit sanalakwe kanthu. Anakhala pa benchi ya kumbuyo kwenikweni pafupi ndi khomo, malo amene anali asanakhalepo chiyambire, buku la nyimbo lili pamiyendo. M'tchalitchi munali modzaza ndi motentha, amayi akudzikupiza ndi mapepala a pulogalamu, maswiti a pepamenti akuyenda m'mabenchi.

Bambo Veenstra, munthu wamtali wa imvi, anayamba kuimba anthu akulowa, mofatsa, mwaluso. Mayi Tolsma anavomereza mumtima kuti munthuyo ntchito amaidziwa. Anawerenganso mumtima kuti makina akhala akugwira ntchito mphindi makumi awiri m'kabati yotseka. Chitseko chachikulu chitatseguka, Marrit ataima pakhomo atagwira mkono wa bambo ake, Bambo Veenstra anatsegula mawu onse.

Mkwatibwi anayenda mpaka pa benchi yachisanu ndi chimodzi. Zii.

Anthu anati haa. Marrit anaima, osadziwa ngati apitirire kapena abwerere. Jelmer, amene anakhala kutsogolo ndi apongozi ake, anathamanga kukwera makwerero. Abusa anaseka mokakamiza n'kupempha mkwatibwi kuti abwerere pakhomo, ayambirenso. Mphindi zinayi zinatha anthu akunong'onezana. Limba linayambanso. Nthawi ino, makina ali otentha kale, Marrit sanafike n'komwe pa benchi yachitatu.

Mtsikanayo anatembenuka, ndipo maso ake anakumana ndi a Mayi Tolsma. Anali akulira.

Mayi Tolsma anaimirira. Bambo Bangma anali ataima m'munsi mwa makwerero, akupukuta khosi ndi mpango.

"Mayi Tolsma, tinagwirizana kuti..."

"Sitinagwirizane kanthu. Patukani."

Anapatuka. Pamwamba Mayi Tolsma anapeza Jelmer atagwada pafupi ndi kabati, akukoka mawaya ndi kuwabwezera, nkhope ili mbuu.

"Ndi masipika, mwina ndi magetsi a m'tchalitchi muno..."

"Tsegula loko."

"Amayi, waranti..."

"Kuli mwana akulira pakhomo pa tsiku la ukwati wake. Tsegula loko, uchoke pamenepo!"

Jelmer anatsegula. Mayi Tolsma anasiya chitseko chili pululu, anapatsa Jelmer pepala lake lomwe lija la OSAGWIRA kuti azikupizira m'katimo. Anayatsa makina, anakanikiza kiyi mobwerezabwereza mpaka tsamba lotuwa linatseguka. Anazimitsa batani la liwiro. Anatsegula chikuto cha buku la nyimbo, ngakhale nambalayo ankaidziwa pamtima, n'kulemba 0.08.

Bambo Veenstra ankaonerera ali chilili kumbuyo kwawo. "Inu ndinu Mayi Tolsma? Anandiuza kuti mwadwala nyamakazi."

"Nyamakazi? Anatero?"

"Anati zala zikukanika." Anayang'ana zala zawo pamabatani, anayang'ana Jelmer akukupiza, kenako anasuntha mabuku ake pampando. "Khalani, mayi. Mpando ndi wanu. Ine ndikukokerani mabatani."

Marrit analowa kachitatu, ndipo anafika kuguwa. Mayi Tolsma anaimba nyimbo imene awiriwo anasankha mu Meyi, osachepetsa liwu ngakhale limodzi. Pa nyimbo yotulukira Bambo Veenstra anakoka mabatani onse n'kuyang'ana kabati mwamantha. Limba linaimba mpaka munthu womaliza atatuluka panja. Pakhomo Marrit anakumbatira Mayi Tolsma mpaka kuwadetsa bulauzi ndi zopaka kumaso.

Mayi Tolsma ankayembekezera kuti Lolemba wina agogoda pakhomo pawo. Palibe anabwera. Lachitatu mkazi wa Bambo Bangma anaponya envulopu m'bokosi la makalata. Munali kiyi yokha, popanda ngakhale kapepala. Kumapeto kwa mwezi kalata ya mpingo inatuluka, ndipo pa tsamba lachiwiri panali ndime iyi: "Vuto laling'ono limene linali pa limba latha. Tikuthokoza a Jelmer chifukwa cha khama lawo, komanso Mayi Tolsma amene abwerera atapumula."

Anaiwerenga kawiri ataimirira m'khitchini, kenako anakwera njinga. Anawapeza Bambo Bangma akuthirira nyemba kuseri kwa nyumba.

"Ndapumula liti, Bambo Bangma? Nyamakazi yanga ili pati? Khama la Jelmer ndi liti, kukupiza?"

"Mayi, tiyeni tisunge mtendere mumpingo. Mnyamatayo ali ndi shopu, ali ndi ana awiri. Dzina likaipa m'dera laling'ono ngati lino..."

"Nanga langa si dzina? Munaliika pa tebulo pamaso pa akulu onse, munauza anthu a ku Sneek kuti zala zanga zafa. Ine ndilibe shopu, ndiye dzina langa ndi la ulere?"

Bambo Bangma anayang'ana nyemba zawo. Anati aona zimene angachite mwezi wamawa. Mwezi wamawa kalata inatuluka yodzaza ndi za kusonkhanitsa mapepala akale ndi ulendo wa kwaya, za limba osatchulamo. Mayi Tolsma anapitiriza kuimba Lamlungu lililonse, koma khofi wa pambuyo pa mapemphero anasiya kumwa, ndipo Bambo Bangma akawapatsa moni ankayankha ndi mutu wokha. Jelmer sanakwerenso kukhonde.

Amene sanakhale chete ndi Bambo Veenstra. Nkhaniyo anaifotokoza pa msonkhano wa oimba malimba a m'chigawo, mayina onse osabisa. Sabata yotsatira foni ya Mayi Tolsma inalira: mpingo wina kutsidya kwa nyanja ya Sneek unali ndi makina otuluka m'shopu yomweyo, ndipo woimba wawo, bambo wa zaka makumi asanu ndi awiri, anali atalemba kale kalata yosiya ntchito poganiza kuti mutu wayamba kumusokonekera.

Anapita awiri pa galimoto ya Aukje, yonunkha mkaka ndi girisi. Pakhomo pa tchalitchicho anawalandira mkulu wa mpingo wovala tayi. Anawapatsa moni mwaulemu, kenako anasuzumira kumbuyo kwawo, kumsewu.

"Takulandirani, amayi. Kodi amisiriwo akubwera pambuyo?"

Aukje anatsegula pakamwa, koma Mayi Tolsma anamugwira mkono.

"Amisiri ndi ifeyo, bambo," anatero Mayi Tolsma. "Kaitaneni woimba wanu, mumuuze abwere ndi kalata yake ija adzaing'ambe yekha. Makwerero ali mbali iti?"